Mapegi pa Jekete la Amuna Anga

Mkamwini wanga amavala juzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Tsiku limene anabwera koyamba kudzaonekera kwathu ndinaganiza kuti akudwala, mpaka ndinamufunsa mwana wanga kuseri kuti bwanji namwino wathunthu ngati iyeyo wangotola wodwala m'chipatala n'kubwera naye kunyumba. Anati ayi, ndi ntchito, munthuyo amakhala m'chipinda chozizira tsiku lonse ndiye thupi linazolowera. Ndinafunsa ngati amagulitsa nyama. Anati ndi wa netiweki. Basi kuyambira pomwepo pakhomo pano ndi Netiweki, ngakhale ana ake omwe akafuna kumuseka amatero.

Ndi munthu wabwino, koma mutu wake uli ndi misewu m'kati. Amayi ake anandiuza kuti ali mwana sankasewera mpira. Ankagona chafufumimba pakhonde kuyang'ana nyerere, n'kumaziikira timitengo pakati kuti zopita zisamagundane ndi zobwera. Nyerere zikakana, iye ankalira. Munthu wotere ndi amene anakwatira mwana wanga, ndipo tonse tikukhala nyumba imodzi: iwo awiri, ana awo, ine ndi amuna anga.

Kuntchito kwake ndinafikako kamodzi. Ankandiperekeza kukapimitsa maso, foni n'kulira kuti china chake chagwa, ndiye anangonditenga. Chipinda chopanda windo. Makabati achitsulo aatali kuposa munthu, ali m'mizere, timagetsi tobiriwira tikuphethira paliponse, phokoso ngati mvula yogwa patali. Mawaya achikasu ndi abuluu atawamanga bwinobwino kuposa mmene mwana wanga amamangira tsitsi la ana ake. Ndinayang'ana pansi kufuna chimene chagwacho, sindinaone kanthu. Iye anakhala pa kompyuta, anagogoda pang'ono, nati chadzuka.

Ndili kunjenjemera ndi kuzizira anayamba kundifotokozera, ine osafunsa. Anati chithunzi chikamachoka pa foni yanga kupita kwa mchemwali wanga sichiyenda chathunthu, amachidula timaphukusi ting'onoting'ono, tonse n'kumadumpha kuchoka pa makina awa kupita pa ena. Kale, akuti, makina aliwonse a panjira ankayenera kusunga m'mutu njira za timaphukusi ta anthu onse, mpaka ankasokonezeka. Ntchito imene iye wakhala akulimbana nayo ndi yoti phukusi lizinyamula lokha njira yake kumsana: zizindikiro zosanjikizana, china pamwamba pa chinzake. Makina a panjira angowerenga cha pamwamba, achichotse, alikankhire kutsogolo, aiwale. Ndipo msewu wina ukadzaza, wotumizayo amasanja zizindikiro mwa mtundu wina kuti phukusi lidzere kwina, ngakhale kukhale kozungulira. Ndinamufunsa kuti nanga iyeyo amachita chiyani ngati zonse zikuyenda zokha. Anati ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti asakhale ndi chochita. Ndinangoti zikomo, tiyeni tizipita maso anga asanaume.

Kunyumba anayesapo zake. M'nyumba mwathu muli kanjira kamodzi kopapatiza kopita kubafa, ndipo m'mawa anthu amagundana ndi mabeseni. Iye anajambula mivi pansi ndi choko, wobwerera kubafa azidzera kukhitchini n'kutulukira panja n'kulowanso khomo la kutsogolo. Mwana wanga anatuluka kamodzi atavala thaulo, anakumana ndi aneba pa geti, madzulo ake mivi yonse inali itakolopedwa. Netiweki sanajambulenso. Pamaso pa mkazi wake amalankhula ngati akupepesa.

Tsopano amuna anga. Moyo wawo wonse anali mesenjala pa ofesi ina. Miyendo ndiyo inali ntchito yawo. Atakalamba mutu unayamba kudontha. Dzina langa masiku ena amalipeza, masiku ena ndine "mayi inu". Koma m'mawa uliwonse amapolisha nsapato, kuvala jekete lawo lakuda, n'kutuluka. Kutuluka amadziwa. Chimene chinawathawa n'choti akupita kuti. Tsiku lina dalaivala wa lole anawabweretsa atawagwira dzanja. Anawapeza ataima pa mzere woyera pakati pa msewu waukulu, akupereka sawasha kwa galimoto iliyonse yodutsa.

Mwana wanga anati basi, chitseko chizikhala chokiya. Anati iye kuchipatala amaona nkhalamba zobwera zitathyokathyoka, ndipo sakufuna tsiku lina kuvundukula nsalu n'kupeza bambo ake. Ine ndinamuuza kuti munthu ameneyu ukamutsekera wamupha, kungoti pang'onopang'ono. M'nyumba sadziwa chochita, amangotsegula makabati n'kuika masilipasi anga mu firiji. Anati ndiye ndiziyenda nawo ineyo. Ndinamuonetsa mawondo angawa, amene kufika pa geti pokha amafuna kukambirana kaye.

Nthawi yonseyi Netiweki anali pawindo kuyang'ana zovala pachingwe. Kenako anatembenuka.

"Vuto si loti bambo amaiwala njira," anatero. "Vuto ndi loti ife tikufuna kuti azikumbukira. Phukusi silikumbukira kanthu, koma limafika."

"Bambo anga si phukusi," anatero mkazi wake.

Iye anavomera kuti si phukusi, koma anapempha kuti ayese. Anapempha mofatsa, tsiku ndi tsiku, mpaka mkaziyo anatopa nati ayese, koma chikachitika china ndi iyeyo.

Anagula mapegi oyanikira zovala, amitundumitundu. Kenako anayenda m'kamsewu kathu kukambirana ndi anthu amene amakhala pamalo amodzi tsiku lonse: wometa, wosoka nsapato, mayi wa pa golosale, ndi mkulu wina wokonza mawotchi. Aliyense anam'patsa mtundu wake n'kumupanira pegi ya mtunduwo pa chitseko. Wometa yofiira, wansapato yobiriwira, golosale yachikasu, wamawotchi yabuluu. Lamulo linali lalifupi. Madala akafika, chotsani pegi ya pamwamba pa jekete, yomwe ndi yanu. Onani mtundu wotsatira. Agwireni mapewa, muwatembenuzire komweko. Osafunsa kumene achokera, osasunga kanthu m'mutu. Pegi ya pansi penipeni ndi yoyera, imeneyo ndi ya kunyumba.

Wometa anafunsa kuti nanga akafuna kuwameta. Netiweki anati angathe, bola asasinthe mapegi.

Ndinaseka, koma zinayenda. Amuna anga ukawalozetsa kwinakwake amapita chindunji, ndi chizolowezi cha ntchito. M'mawa Netiweki ankaima pamaso pa apongozi ake, pegi ina ali nayo kukamwa ngati telala, n'kumasanja pa kolala kutsika m'munsi. Asanasanje ankasuzumira kaye panja. Njira yaifupi yochoka kwa wometa kupita ku golosale imadutsa m'mphepete mwa msewu waukulu, ndiye imeneyo anaitseka kotheratu, madala azidzera kwa wansapato, kuseri. Tsiku limene m'kamsewu mwadzaza ngolo ndi ogulitsa malonda, ankasintha mapegi kuti ayambire kwa wamawotchi kumene kumakhala zii. Mvula ikagwa, kanjira ka pafupi ndi ngalande kankachoka pa ulendo. Ankachita zonsezi nkhope ili gwaa, ngati dokotala. Amuna anga ankatulutsa chifuwa ngati akuwaveka mendulo.

Masana ankabwera kolala ili yopanda kanthu kupatula yoyera ija, ali ndi njala, n'kudya, n'kugona bwino. Netiweki poweruka ankazungulira kutolera mapegi ake. Mwana wanga sanayamikire, koma anasiya kutchula za kiyi.

Amene anayambitsa chisokonezo ndi wometa. Anaona kuti madala akachoka pa iye amapita kwa wansapato, ndipo iye anali ndi nsapato yong'ambika. Anangowapatsira. Amuna anga ataigwira nsapato ija msana unawongoka. Anafika kunyumba tsiku limenelo akuimba mluzu, nandiuza kuti ntchito yayambanso. Wansapato naye anatumiza wotchi yake yakufa. Mayi wa golosale anayamba kutumiza buledi kwa wamawotchi. Posakhalitsa anthu anazindikira kuti mapegi amagulitsidwa pa golosale pomwepo. Telala wina, amene sanali n'komwe pa ulendo, anapana pegi yapepo pa chitseko chake nadzilowetsa yekha. Mayi wina wa pa nyumba ya pakona anasankha ya pinki. Amuna anga ankachoka pano ndi mapegi ochepa, pofika pakati pa ulendo jekete lili ngati chingwe choyanikira zovala pa Loweruka. Anabwerapo ndi ketulo ya eni ake. Anabwerapo ndi diresi laukwati pa mkono. Tsiku lina anabwera ndi nkhuku yamoyo kukhwapa, nayonso ili ndi pegi yake pa phiko, ndipo sitinadziwe ngati nkhukuyo inali kupita kwina kapena inali itafika.

Netiweki anazungulira kwa onse, manja ali kumbuyo, kuwafotokozera kuti mapegi amasanja ndi wotumiza yekha, a panjira ntchito yawo ndi kuchotsa basi. Onse anavomera kuti n'zoona, anamuyamikira kuti ndi wanzeru, n'kupitiriza.

Kenako nsapato ya wometa ija inabwerera itasokedwa. Wometa anaiyang'ana nati kusoka kwake n'kwa munthu wakhungu. Anawapatsanso madala, n'kuwapanira pegi yobiriwira pamwamba. Wansapato anaiyang'ana nati nsapato ilibe vuto, vuto ndi phazi la mwini wake lomwe lili ngati khasu. Anachotsa yobiriwira n'kuika yofiira. Wometa anachotsa yofiira n'kuika yobiriwira. Anthu awiriwa mashopu awo amaonana, akanatha kungotukwanizana pakamwa ngati anthu ena onse, koma aliyense anati sangadzitsitse kulankhula ndi mnzake. Ndiye amuna anga anayenda. Kupita, kubwera, kupita, kubwera, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pegi yoyera inali pansi phee, osafikiridwa. Anthu anatulutsa mabenchi kumaonerera. Ine ndinali kuno kudikira ndi chakudya chozizira, ndikuganiza kuti mwina wamawotchi wawagwira ndi nkhani zake.

Anawapeza ndi mwana wanga pochokera kuntchito. Thukuta lili noninoni, milomo itauma, akutsimphina, nsapato ya eni ake ili m'manja. Atamuona anamuuza kuti lero ntchito yachuluka. Anawabweretsa, anawavula nsapato, masokosi atamatirira ku matuza. Anawasambitsa mapazi m'beseni misozi ikugwera m'madzi momwemo. Atatha anakiya chitseko cha kutsogolo ndi cha kukhitchini, makiyi n'kuika m'thumba la yunifolomu. Ana ndi mwamuna wake anawapatsa makiyi awo, koma anawalumbiritsa. Ine sanandipatse, anati amandidziwa.

Netiweki atafika n'kumva, anakhala pansi pa simenti. Anati pa ntchito yawo palibe chinthu chochititsa manyazi kuposa phukusi lomangozungulira pakati pa makina awiri. Anati ndipo mankhwala ake amawadziwa, anangoiwala kuika: phukusi lililonse amalipatsa moyo wochepa, makina aliwonse amadulako pang'ono, moyo ukatha amalitaya.

Mkazi wake anamutembenukira.

"Mukufuna kutaya bambo anga?"

Iye anayamba kufotokoza kuti sanatanthauze choncho, koma mkaziyo anamudula.

"Mukadzawapananso bambo anga, ndidzakuyanikani inuyo pachingwe. Ndi makutu."

Masiku otsatira anali oipa. Matuza anapola, amuna anga anapolisha nsapato, anavala jekete, anaima pa chitseko atagwira kolala kuti wina awasanjire. Palibe anabwera. Anapeza okha mapegi m'dengu la zochapa, anadzipana paliponse, mpaka pa thalauza, n'kumayenda kuchoka kukhitchini kupita kubafa. Akafika pakhoma ankaima, kudikira wowatembenuza. Ndinkawatembenuza ine. Kenako anasiya kupolisha. Kenako jekete linakhala pa msomali. Ankangokhala pampando kuyang'ana chitseko, chakudya n'kumangochigwaza ndi supuni. Ndinamuuza mwana wanga kuti taona lamba wa bambo ako wafika pa bowo lomaliza. Anati bola woonda kusiyana ndi wa pansi pa lole. Koma ndinamuona akuwagwira pamkono kuwerenga mtima, nkhope itagwa.

Netiweki naye anaonda. Ankabwera ndi mapepala akuluakulu ojambulapo kamsewu kathu, mivi, mitundu ya mapegi yowonjezera, pegi yoyang'anira mapegi ena, pegi yosonyeza kuti pegi ndi yeniyeni. Mkazi wake ankayalira mapepalawo m'kabati ya mbale. Ndinamuuza Netiweki kuti apongozi, inu munandiuza kuti ntchito yanu ndi kuchepetsa, nanga izi zikuchulukiranji? Anandiyang'ana, anapinda pepala lake, anapita kukagona osadya.

A m'kamsewu nawo anasowa mtendere. Wamawotchi anabwera kudzafunsa ngati kuli maliro. Wometa ndi wansapato anabwera limodzi, aliyense akuti mnzake ndiye wolakwa, koma apepesa onse. Poti chitseko chinali chokiya, anapepesera pawindo. Wometa anapisa manja pa zitsulo za pawindo n'kuwameta amuna anga ndevu pomwepo, kwaulere, wansapato atagwira kalilole. Atatha, mwa chizolowezi, anawagwira mapewa n'kuwatembenuza. Amuna anga anayenda chindunji mpaka anakaima pamphuno ndi firiji.

Mwana wanga analowa nthawi imeneyo, ali mu yunifolomu, makiyi m'manja. Bambo ake anatembenuka, anaona yunifolomu, anaima njo, manja m'mbali.

"Abwana," anatero, "ngati ntchito yandithera, mungondiuza. Ndisamangobwera."

Awiri aja pawindo anayang'ana pansi. Ine ndinali ndi zambiri zonena, koma kamodzi kokha m'moyo ndinatseka pakamwa.

"Sinathe, bambo," anatero mwana wanga pamapeto pake. "Munali pa tchuthi. Muyamba mawa."

Madzulo anamuitana mwamuna wake nati abweretse nzeru zake, koma zikwane m'chiganizo chimodzi, zikapitirira sakumva. Netiweki anati madala azinyamula kathumba ka masiwiti ochepa, aliyense wochotsa pegi azitengapo imodzi, kathumba kakatha amene ali nawo pafupi asiye zonse awabweretse kunyumba ndi dzanja, kaya pa jekete patsala mapegi angati. Mkazi wake anafunsa ngati ameneyu ndi moyo wodulidwa pang'onopang'ono uja. Iye anati inde, koma m'malo motaya ndi kubweza kwawo. Mkaziyo anawonjezera zake: mapegi azisanja ndi iyeyo, katundu wololedwa ndi wokwana m'dzanja limodzi ndipo wopanda nthenga, telala ndi mayi wa pinki achotse mapegi awo pa zitseko, ndipo mayi wa golosale asagulitsenso pegi kwa mwamuna aliyense wa m'kamsewu muno.

M'mawa mwake mwana wanga anawasanjira mapegi yekha, natsegula chitseko. Tonse tinaima pa geti. Netiweki anachedwa kuntchito dala, ankawatsatira chapatali akubisala kuseri kwa mapolo a magetsi, ngakhale polo ndi yopyapyala kuposa iye. Sipanapite nthawi, tinaona wometa akubwera nawo atawagwira dzanja, lumo lili m'thumba, kasitomala atamusiya mutu theka. Anati lamulo ndi lamulo, kathumba kafika kopanda kanthu. Amuna anga masaya anali otupa mbali zonse. Anali atadya moyo wawo wonse asanafike pa siteshoni yoyamba.

Netiweki anagwira mutu. Anati pa ntchito yake yonse sanaonepo phukusi lodya moyo wake lokha. Anafuna kusintha, aike mabatani kapena timiyala. Mwana wanga anakana, anati mabataniwo adzamezanso ndipo adzawatulutsa ndi iyeyo. Anangoti tione kaye.

Ndiye taona. Tsiku limene miyendo ili bwino, amuna anga sakhudza kathumba, amazungulira ulendo wonse mpaka pegi yoyera. Tsiku limene atopa, amakhala pa benchi ya wansapato, kudya masiwiti onse mosafulumira, n'kupereka kathumba kopanda kanthu, wina n'kuwaperekeza. Kaya amadziwa chimene akuchita kaya sadziwa, ine sindifunsa. Netiweki akuti zimenezi n'zatsopano, phukusi losankha lokha kutalika kwa ulendo, ndipo anakazifotokoza pa msonkhano wa kuntchito kwawo, ndi mapegi m'manja. Akuluakulu ake anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anamupatsa masiku opuma.

Chitseko sichikiyidwanso masana. Lamba wabwerera bowo limodzi. Mwana wanga amasanjabe yekha m'mawa uliwonse, ndipo akamaliza amawerenganso mitundu kawiri ngati mankhwala. Dzulo amuna anga anafika masana ndi siwiti imodzi yotsala, atainyamula m'manja awiri. Anagogoda ngakhale chitseko chinali pululu, anandifunsa ngati pano ndi pa nyumba ya pegi yoyera. Ndinati ndi pano. Anandipatsa siwitiyo, nati ndisaine. Ndinalibe cholembera, ndinangolemba ndi chala pachikhatho chawo. Anayang'ana, anati sizikuwerengeka bwino koma alandira, nafunsa ngati pa ofesi ino amapereka chakudya cha masana.